Good Gracious ya M-Phazes: polodyusa amene amayamba wamvetsera woimba

CD imeneyi ndinaigula miyezi itatu yapitayo kwa wogulitsa wina wa pa intaneti, ndipo chiyambire kuilowetsa m'galimoto sindinaitulutsemo. Inafika kachikuto kake katang'aluka pakona, zomwe zinandikwiyitsa chifukwa wogulitsayo analemba kuti ili bwinobwino. Mwamwayi CD yeniyeniyo inalibe chokanda, imasewera osadumpha.

Nyimbo za hip hop za ku Australia ndinazidziwa kudzera mwa Sampa the Great, mwana wa ku Zambia amene anatchukira kumeneko. Nditayamba kufufuza amene analipo iye asanabwere, dzina la M-Phazes linkangotulukira paliponse. Dzina lake lenileni ndi Mark Landon, wa ku Gold Coast m'chigawo cha Queensland, ndipo Good Gracious ndi chimbale chake choyamba, chotuluka mu 2010 pansi pa kampani yotulutsa nyimbo ya Obese Records ya ku Melbourne. Chaka chomwecho chinapata mphoto ya Best Urban Album pa ARIA, mphoto zapachaka za nyimbo ku Australia.

Mwini chimbale simumumva akuimba. Iye ntchito yake ndi mabiti, ndipo maikolofoni anawasiyira alendo: Drapht wa ku Perth, Delta wa ku Adelaide, Illy ndi Pegz a ku Melbourne, Bliss n Eso ndi Spit Syndicate a ku Sydney, Muph & Plutonic, Mantra, Phrase ndi ena. Zimbale zotere ndimaziopa. Nthawi zambiri polodyusa amangotola mabiti otsala pa kompyuta, n'kugawira aliyense yake, basi. Apa si mmene zilili. Mumachita kumva kuti munthuyu anakhala pansi n'kumvetsera mmene mlendo aliyense amalankhulira, kenako n'kumusokera biti yomukwana ngati telala wodziwa muyeso wa kasitomala wake.

Tengani "Where's Elvis?" ya Drapht. Mawu a Drapht ndi opyapyala, otulukira m'mphuno, othamanga. Biti ikanakhala yolemera kwambiri ikanamumiza. M-Phazes anamupatsa yodumphadumpha, yosiya malo, moti liwu lililonse limamveka. Ndiye mukafika pa "Goodbye Gravity" ya Muph & Plutonic mpweya umasinthiratu, nyimbo imatambasuka, imapepuka, mumangoona phazi layamba kugunda pansi lokha. Imeneyi ndaibwereza kambirimbiri. Tsiku lina ndinafika pakhomo isanathe, ndinazimitsa injini n'kukhalabe m'galimoto mpaka itatha, mwana wanga akundiyang'ana pa zenera kudabwa kuti bambo akuchedwa chiyani.

Chimene chimamanga chimbale chonse pamodzi ndi ng'oma zake. Zimagunda mouma, mwamphamvu, koma pamwamba pake pamakhala timawu ta nyimbo zakale za soul, piyano ndi malipenga, zofunda bwino. Malangizo anga ndi akuti musachimvere pa sipika ya foni. Ndinayesa, theka la ntchito ya munthuyu linasowa, besi yonse inathawa. Pa mahedifoni abwino kapena m'galimoto m'pamene mumazindikira tinthu ting'onoting'ono tobisika kumbuyo, kaliwu kolowa kamodzi kokha n'kuzimiririka.

Zodandaula zilipo. Alendo achuluka, ndipo si onse anabwera ndi moto wofanana. Pali mavesi ena amene mumaona kuti biti yaposa woimba, ndipo chapakatikati pali nyimbo ziwiri zimene ndimazidumpha. Komanso chifukwa nyimbo iliyonse ili ndi mwini wake ndi nkhani yake, chimbalechi sichikutengani pa ulendo umodzi kuchokera poyamba mpaka pomaliza. Kwa ife amene makutu anazolowera rap ya ku America, Chingelezi cha ku Australia chimavutanso masiku oyamba. Sabata yoyamba ndinkangotola liwu apa ndi apo. Pofika sabata yachitatu khutu linatseguka, ndipo ndinayamba kukonda kuti anyamatawa sanadzikakamize kumveka ngati a ku New York. Makolo adziwenso kuti muli mawu otukwana, choncho ana akakwera ndimatsitsa.

Patapita zaka zitatu, mu 2013, M-Phazes anali m'gulu la amene anakonza "Bad Guy", nyimbo yotsegulira chimbale cha Eminem cha The Marshall Mathers LP 2. Amene wamvetsera Good Gracious sangadabwe nazo, luso linali litakhwima kale.

Ndikuchipatsa nyenyezi 4 mwa 5. Ngati mumapanga mabiti kunyumba, chiguleni ndipo mumvetsere mmene ng'oma zimasiyira woimba malo opumira. Ngati mukugula CD yakale ngati ine, muuzeni wogulitsa akutumizireni chithunzi cha kachikuto musanalipire.