Miyezi 9 ndikuphika mazira mu maikulowevu ndi kapulasitiki kaja

Kachipangizo kanga kophikira mazira mu maikulowevu kakwanitsa miyezi 9 tsopano, nde ndati ndilembe mmene kakuyendera, poti nditangokagula kumene ndinkakatamanda kwa aliyense ndisanakadziwe nkomwe bwinobwino. Kwa amene simunakaonepo, ndi kapulasitiki ka timakapu tiwiri, kali ndi chivindikiro cha pa hinji chokhala ndi timabowo totulukira nthunzi. Umathira timadzi, kuswera dzira, kutseka, basi. Cholinga nchoti choyera chija chigwire koma chachikasu chikhale chikadali chamadzimadzi, ngati dzira lija amaliswera m'madzi otentha m'poto.

Sabata yoyamba abale inali yongopukuta makoma. Pa bokosi analemba miniti imodzi, ine nkutsatira, pa mphamvu yonse, ndangotembenuka kuti nditenge mbale ndinangomva phuu! chivindikiro chatseguka chokha, dzira lili mbwee mkati monse mpaka kudenga kwa maikulowevu. Tsiku lina silinaphulike mkati ayi, linachita kundidikira, ndalitulutsa bwinobwino ndikuti ndilibaye ndi foloko nde kundithovukira pa dzanja, ndipo kunali kuwotcha osati masewera. Apa mpamene ndinasiya kukaimba mlandu kachipangizoko nkuyamba kufuna kumvetsa chomwe chikuchitika. Maikulowevu imatenthetsa madzi amene ali mkati mwa chakudyacho, ndiye chachikasu chija chili ndi kakhungu kopyapyala kochikuta, madzi amkatimo amatha kutentha kudutsa madigiri 100 osawira, akusowa potulukira, mukangochigwedeza kapena kuchibaya onse amasanduka nthunzi kamodzinkamodzi. Nchifukwa chake dzira la m'chigoba simuliyerekeza nkomwe kuliika mu maikulowevu, limenelo nde bomba lenileni.

Kuyambira pamenepo ndisanaliphike ndimaboola chachikasucho ndi kamtengo kotokosera m'mano, kamodzi kapena kawiri, pang'ono chabe, sichitayika ayi musaope. Koma chomwe chinasintha zinthu kwenikweni si kuboolako, ndi kutsitsa mphamvu. Ma maikulowevu amasiyana, ena ndi a mawatsi 700 ena 1000 kapena kupitirira, yanga ndi ya 800, nde miniti imodzi ya pa bokosi ija ikunena ya ndani? Choyera cha dzira chimayamba kugwira chikafika madigiri 62 chakuti, chachikasu cha m'ma 65 mpaka 70, kusiyana kwake nkochepa zedi, masekondi 10 okha amakuchotsani pa dzira labwino kukufikitsani pa labala. Mukaika pa theka, ma maikulowevu ambiri amangoyaka nkuzima, kuyaka nkuzima, mumamva ndi phokoso lomwe likusintha, ndipo pa kanthawi kozimako kutentha kumafalikira kokha m'dzira monse m'malo mounjikana pamalo amodzi.

Panopa ndimachita chonchi: timasupuni tiwiri ta madzi pansi, dzira, kuboola, timadzi tina pamwamba pa chachikasu, theka la mphamvu masekondi 50, ndikaona choyera chikadali ngati mamina (pepani amene mukudya) ndimaonjezera 10, kenako nkulisiya chitsekere kwa theka la miniti. Kudikiraku anthu amakudumpha koma dzira limapitiriza kupsa lokha muli kunja. Likakhala lochokera mu furiji ndimaonjezera masekondi 10 kapena 15. Mazira awiri nthawi imodzi sindinawapezerebe mutu wake mpaka lero, limodzi limapsa kuposa linzake ngakhale mbale yagalasi ija izizungulira, moti ndimangophika limodzilimodzi, kakapu kachiwiriko nkuthiramo madzi okha. Mchere ndimathira likapsa. Ndipo mazira atsopano amatuluka bwino kuposa ogonera masabata, akalewo choyera chake chimakhala chamadzi, chimangobalalika.

Nanga kapulasitikiko kali bwanji pano? Katopa ndithu. Kanali koonekera mkati, pano kachita mbuu, pansi pa kakapu kamodzi payamba kukhakhala poti miyezi yoyamba ndinkapaka mafuta ambiri, ndipo mafuta amatentha kuposa madzi nde anadya pulasitikiyo. Pamalo pokhakhalapo dzira limamatirira tsopano, zomwe sizinkachitika kali katsopano. Hinji inang'aluka mbali imodzi mwezi wachisanu ndi chimodzi, ikugwirabe koma ndimatsegula monyengerera. Kafungo ka dzira nako sikachokeratu. Ndinazindikira mochedwa kuti ndimalakwitsa potsuka ndi madzi otentha poyamba, poti madzi otenthawo amangophikanso zotsalira zija nkuzimata, muziyamba ndi ozizira kenako sopo ndi siponji yofewa, waya wotsukira mapoto ayi. Pansi pake pali kachizindikiro ka 5 ndi zilembo PP, mtundu wa pulasitiki umene nthawi zambiri amapangira zinthu za mu maikulowevu, koma ikayamba kukandikakandika chonchi mtima sukhalanso m'malo kwenikweni. Mlamu wanga ali ndi ka silikoni kofewa kaja, kake sikanachite mbuu ndipo dzira amangolikankha cha pansi nkutuluka, kungoti kamakhala wedewede ukakanyamula kali ndi madzi otentha.

Tinene zoona, dzira lake silofanana ndi la m'poto. Limatuluka ngati analiumba mu chikombole, m'mphepete mumalimbirapo, kufewa kuja kwa dzira losambira m'madzi ambiri kulibe, kwenikweni limapsa ndi nthunzi. Mlendo woti amadziwa zophika sindingamupatse nkumati ndamuphikira zapamwamba. Koma m'mawa ukuthamangira ku ntchito, poto palibe, kuwiritsa madzi palibe, mphindi ziwiri wadya, mmenemo ndi momwe kandigwirira mtima, ndipo ndimakagwiritsabe ntchito kanayi kapena kasanu pa sabata. Chimodzi chokha, wa pakati, mwana wamng'ono, okalamba kapena amene thupi ndi lofooka, muziwaphikira mpaka chachikasu chilimbe, dzira losapsetsa limatha kukhala ndi tizilombo todwalitsa m'mimba totchedwa salmonella ndipo maikulowevu siitenthetsa mofanana paliponse.

Chinandiseketsa nchoti mwezi watha ndinakasiya mu sinki kosatsuka, ulesi, nde ndinangotenga kapu ya tiyi, madzi mpaka theka, kuswera dzira, kuboola, kasosala pamwamba. Nthawi inatalikirapo pang'ono poti madzi ngambiri, koma dzira linatuluka lofewa kuposa la m'kachipangizo kkkk. Hinji ija ikadzathyokeratu sindikuona ngati ndidzagula kena, kapu ndili nazo zisanu ndi imodzi mu kabati.