Chick-fil-A ya ku Atlanta: nkhuku yokoma imene simungaigule tsiku Lamulungu

Tsiku loyamba limene ndinafuna kulawa nkhuku ya ku Chick-fil-A linali Lamulungu masana, tikuchokera kutchalitchi ndi alamu anga amene amakhala mumzinda wa Atlanta, m'chigawo cha Georgia ku America. Nditatchula dzinalo, iwo anandiuza kuti tidikire Lolemba, chifukwa malo onse odyera a kampaniyi, amene tsopano aposa 3,000, satsegula tsiku limeneli. Tinadutsa pa amodzi mwa malowo ndipo panali zii, pamene malo ena odyera oyandikana nawo anali atadzaza ndi mabanja ovala za kutchalitchi.

Lolemba masana tinabwererako, ndipo tinapeza mzere wa magalimoto utazungulira nyumba yonse, anyamata ndi atsikana ogwira ntchito ataima panja n'kumalemba zimene aliyense akufuna asanafike n'komwe pawindo. Ife tinalowa mkati, ndipo ine ndinaitanitsa sangweji imene inatchukitsa malowa. Ilibe zambiri: ndi nyama ya pachifuwa cha nkhuku yopanda fupa, yoikidwa m'banzi lopaka batala, pamodzi ndi tizidutswa tiwiri ta nkhaka zoviika mu viniga. Nyamayo amaikazinga m'mafuta a mtedza, mumphika wotsekedwa zolimba, kotero kuti kunja imakhala yokazingika bwino koma mkati yofewa ndi yosauma, ndipo kuwawasa kwa nkhakazo kumachepetsa kulemera kwa mafuta. Chipisi chawo amachidula mooneka ngati kaukonde, ndipo chimafunika kudya chikadali chotentha. Chakumwa cha mandimu ndicho ndingalimbikitse aliyense kuti asachisiye. Chinandikhudza kwambiri ndi ulemu wa ogwira ntchito, chifukwa mtsikana amene anatibweretsera chakudya patebulo, nditamuthokoza, anayankha kuti chinali chisangalalo kwa iye, ndipo ndinamva pambuyo pake kuti umu ndi mmene onse amaphunzitsidwira kuyankha.

Komabe chimene ndinachoka nacho m'maganizo ndi chitseko chotseka chija. Woyambitsa kampaniyi, S. Truett Cathy, anatsegula kamalo kodyera kotchedwa Dwarf Grill ku Hapeville, kufupi ndi Atlanta, m'chaka cha 1946, ndipo Chick-fil-A yoyamba anaitsegula ku malo a masitolo ambiri otchedwa Greenbriar Mall mu Atlanta m'chaka cha 1967. Iye anali wa mpingo wa Baptist, anaphunzitsa Sande sukulu kwa zaka zoposa 50, ndipo kuyambira pachiyambi anakhazikitsa kuti Lamulungu antchito ake azipuma ndi kupembedza ngati akufuna. Anamwalira mu 2014, koma kampaniyi ikadali m'manja mwa banja lake, sigulitsidwa pamsika wa masheya, ndipo cholinga chake cholembedwa chimayamba ndi kulemekeza Mulungu. Ngakhale imagulitsa masiku asanu ndi limodzi okha pamlungu, ili m'gulu la makampani atatu a malo odyera amene amapeza ndalama zambiri ku America, pambuyo pa McDonald's ndi Starbucks.

Ambiri timaganiza kuti dziko likalemera anthu amasiya kupemphera, monga zachitikira m'maiko ambiri a ku Ulaya kumene matchalitchi akale amadzaza ndi alendo ojambula zithunzi kuposa opembedza. Ku America, makamaka m'zigawo za kummwera, zinthu zayenda mosiyana, ndipo ndikuona kuti chifukwa chachikulu n'chakuti kuchokera mu 1791 malamulo a dzikolo analetsa boma lalikulu kukhazikitsa mpingo wakewake. Mpingo wosadalira boma umayenera kudzipezera wokha anthu, motero mipingo inaphunzira kulandira alendo bwino, kusamalira ana, kuimba nyimbo zokoka achinyamata ndi kumanga nthambi kulikonse kumene anthu asamukira. Komanso m'dziko limene thandizo la kuchipatala kwa ambiri limadalira inshuwalansi ya kuntchito, munthu akachotsedwa ntchito kapena akadwala amathamangira kwa a mpingo. Kwa anthu akuda a mu Atlanta, tchalitchi ndi kumene kunakulira ntchito yomenyera ufulu wawo, monga ku Ebenezer Baptist Church kumene Martin Luther King Jr. ankalalikira. M'malo otere, wamalonda wotseka Lamulungu sataya makasitomala, chifukwa anthu amamuona ngati mnzawo ndipo amabwera Lolemba mwaunyinji.

Izi sizikutanthauza kuti chikhulupiriro sichikugwedezeka, pakuti kafukufuku wa bungwe la Gallup anapeza kuti mu 2020 anthu olembetsa ku tchalitchi, ku mzikiti kapena ku sunagoge anatsika kufika pa 47 mwa anthu 100 alionse. Kampaniyinso si onse amene amaikonda: mu 2012 Dan Cathy, mwana wa woyambitsayo, atalankhula zotsutsa maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, ena anaitana anthu kuti aleke kugulako, pamene ena anadzaza malowo pofuna kumuchirikiza. Wofuna kudyako ayenera kudziwa kuti kwa anthu ambiri a kumeneko sangweji imeneyi imanenanso za mbali imene munthu waima.

Kwa ine chakudyacho n'choyenera mtengo wake, malowo ndi aukhondo, ndipo mzere wautaliwo umayenda msanga kuposa mmene umaonekera. Mukakhala mu Atlanta pitaniko pakati pa Lolemba ndi Loweruka. Ngakhale m'bwalo la masewero la Mercedes-Benz Stadium, kumene timu ya mpira wa ku America (American football) ya Atlanta Falcons imasewera kawirikawiri Lamulungu, malo awo ogulitsira amakhala otseka tsikulo, ndipo anali otseka ndithu pa 3 February 2019, pamene bwaloli linadzaza ndi oonerera Super Bowl, masewero omaliza olimbirana ukatswiri wa mpirawu.