Loya wa za Masheya ku America: Ntchito ya ku SEC Kapena ya ku Kampani ya Maloya

Loya amene waphunzira malamulo a msika wa masheya ku America nthawi zambiri amasankha pakati pa njira ziwiri: kulowa ntchito m'boma, ku bungwe la Securities and Exchange Commission, loyang'anira msika wa masheya, lomwe limadziwika kuti SEC, kapena kulembedwa ndi kampani yaikulu ya maloya yomwe makasitomala ake ndi mabanki ndi makampani ogulitsa masheya. Onse awiri amawerenga malamulo amodzimodzi, makamaka la 1933 ndi la 1934, omwe anakhazikitsidwa msika wa ku New York utagwa mu 1929, koma wina amawagwiritsa ntchito pofunsa mafunso pamene mnzakeyo amakonza mayankho.

Pa nkhani ya ndalama palibe mpikisano. M'chaka cha 2024 makampani akuluakulu a maloya ankalipira loya wongoyamba kumene madola 225,000 pachaka, ndalama zomwe boma silingampatse munthu wongoyamba kumene ntchito. Komabe malipirowo amabwera ndi goli lake, chifukwa loyayo amayembekezeka kulemba maola pafupifupi 2,000 pachaka olipiritsa makasitomala, ndipo kampani yomwe ndi kasitomala wawo ikafuna kuyamba kugulitsa masheya ake kwa anthu, iye amachezera usiku akusanthula chikalata cholembetsera masheyawo ku SEC, chotchedwa S-1, mzere ndi mzere. Wa m'boma amaweruka nthawi yabwino, ndipo ngongole yake ya sukulu, ngati inali ya boma, ikhoza kukhululukidwa akalipira kwa miyezi 120 akutumikira boma.

Kumene ine ndimaona kusiyana kwenikweni ndi pa udindo. Ku nthambi ya SEC yofufuza ophwanya malamulo, yomwe inakhazikitsidwa mu 1972, loya wachinyamata amapatsidwa mlandu msanga: amaitanitsa zikalata, amafunsa mboni zitalumbira, ndipo amalemba nawo kalata yotchedwa Wells notice, yodziwitsa munthu kuti ofufuza akufuna kumutsegulira mlandu. Mnzake wa ku kampani atha kukhala zaka zingapo akukonzera akuluakulu ake mapepala asanafunseko mboni ngakhale imodzi. Mphamvu za SEC zili ndi malire ake ndithu. Bungweli limalipiritsa chindapusa, kulanda phindu lopezeka mwachinyengo ndi kuletsa anthu kugwira ntchito pamsika, koma silitsekera munthu m'ndende, pakuti milandu yotero imapita ku unduna wa zachilungamo. Limalakwitsanso: katswiri wa zachuma Harry Markopolos analichenjeza za chinyengo cha Bernard Madoff, yemwe ankayendetsa ndalama zomwe anthu ankamusungitsa kuti zipindule, kuyambira mu 2000, koma chinyengocho chinaululika mu 2008, anthu ambiri atataya kale chuma chomwe anasunga moyo wawo wonse. Amene akulowa ntchito kumeneko ayenera kudziwa kuti kalata yomwe wainyalanyaza patebulo ikhoza kukhala penshoni ya munthu wina.

Ambiri amayenda njira zonse ziwiri. Mary Jo White anachoka ku kampani ya maloya ya Debevoise & Plimpton n'kukakhala wapampando wa SEC kuyambira 2013 mpaka 2017, kenako anabwerera kukampani komweko, pamene Robert Khuzami, yemwe anatsogolera nthambi yofufuza kuyambira 2009, analowa kampani ya maloya ya Kirkland & Ellis mu 2013. Lamulo limaletsa munthu kwa moyo wake wonse kuimira kasitomala pamaso pa boma pa nkhani yomwe iye mwini anaigwirapo ali m'boma, komabe kulowa ndi kutulukaku kumandidetsa nkhawa, chifukwa nkovuta kufinya mwamphamvu loya wa kampani yomwe ukuyembekezera kukapemphako ntchito mawa.

Kwa wachinyamata amene ngongole siikumuthina kwambiri, ndingamulangize kuti ayambire ku SEC, akhaleko zaka zokwanira kuti atsirize milandu ingapo ndi manja ake. Amene ali ndi banja lomudalira lero, kapena amene mtima wake uli pa kukonza mapangano a malonda kusiyana ndi kufufuza, kampani ya maloya ndiyo imuyenera.