Makamera ochenjeza za ngozi pasaiti: ndemanga yanga patatha miyezi 7

Ndine kapitao pa nyumba ya nsanjika zinayi imene tikumanga kufupi ndi Johannesburg, ndipo anyamata anga ambiri ndi akumudzi, a ku Mangochi ndi ku Mzimba. Abwana atabweretsa makamera 6 oyendera pulogalamu ya machine learning, yomwe ndi pulogalamu ya kompyuta yophunzira kuchokera ku zitsanzo, tonse tinati basi, akufuna kutizonda. Lero ndikuwapatsa nyenyezi 4 mwa 5.

Pulogalamuyi anaiphunzitsa ndi zithunzi zankhaninkhani za anthu ogwira ntchito, mpaka inadziwa kusiyanitsa wovala chisoti ndi jekete yonyezimira ndi amene sanavale. Ikaona wosavala, chithunzi chake chimafika pafoni panga nthawi yomweyo.

Koma chimene chinandigwira mtima ndi malire amene timalemba pakompyuta kuzungulira katapila ndi kunsi kwa kireni. Munthu akangolowamo, belu limalira. Tsiku lina mnyamata wina ankakankha wilibala ya mchenga, maso ali pansi, katapila akubwerera chammbuyo. Ine ndinali pansanjika yachitatu, kukuwa kwanga sikukanamveka ndi phokoso la makina osakaniza konkire. Belu linalira, dalaivala anaponda buleki. Madzulo ake mnyamatayo anaimbira mayi ake kumudzi, ndipo kuyambira pamenepo nkhani yozondana ija inatha. Tinagwirizananso kuti zithunzizo asamadulire nazo munthu malipiro, ndipo abwana asunga pangano.

Zofooka zilipo. Masabata oyamba foni inkangolira pachabe, mthunzi wa nsanamira nkumati ndi munthu. Timadina kuti yalakwitsa, ndipo pang'onopang'ono yasintha, ngakhale dzuwa likapendeka imasokonezekabe. Fumbi la simenti limaphimba magalasi, ndiye timapukuta mmawa uliwonse. Magetsi akathima kapena netiweki ikavuta, maso onse 6 atsinzina. Chondiwawa kwambiri nchakuti imaona kuti munthu wavala lamba wodzitetezera pamwamba, koma sidziwa ngati wakoleka ngowe yake pachitsulo. Wina ndinamupeza kumphepete kwa denga, chingwe chikungolendewera kumsana, foni ili zii.

Sindingaiwale za ku George, tauni ya kuno ku South Africa, kumene nyumba inagwa ikumangidwa pa 6 May 2024 nkupha anthu 34, mwa iwo abale athu Amalawi. Kamera ngati zathuzi ikanangoona zisoti pamitu pawo. Kulimba kwa nsanamira ndi konkire amayeza ndi injiniya, ndipo makontilakita asaganize kuti akagula makamera ndiye kuti nkhani ya chitetezo yatha.

Amene muli ndi makina akuluakulu oyendayenda pasaiti, gulani, ndalama yanu sipita pachabe. Pemphani kuti muyese kaye mwezi umodzi, muike mabatire oti azigwira ntchito magetsi akathima, ndipo kamera yoyamba iloze kumene magalimoto amatembenukira.