Jebena, cezve, moka kapena phin: khofi wa m'paketi timuphike bwanji?

Ambirife tinakulira tiyi, ndipo khofi tinamudziwira m'chitini cha Ricoffy: supuni imodzi, madzi otentha, shuga, basi. Vuto limayamba tsiku limene munthu wagula khofi weniweni, kaya wa ku Misuku kaya wa ku Thyolo, n'kumuthira m'kapu monga mwa chizolowezi. Ufa wake susungunuka. Umangoyandama n'kudzaza m'kamwa, munthu n'kuyamba kunyoza khofi wa alimi athu. Khofi wotereyu amafuna kuphikidwa. Ine ndayesa njira zinayi za anzathu a maiko ena, zonse zosalira magetsi, ndipo chimene chimazisiyanitsa kwenikweni ndi kaperedwe ka khofiyo komanso nthawi imene muli nayo.

Ya ku Ethiopia, kumene mtengo wa khofi wa mtundu wa arabica unachokera, ndi imene inanditenga mtima. Kumeneko khofi amamutcha buna. Mayi wa pakhomo amatsuka njere zaziwisi n'kuzikazinga pamakala mpaka zitada ndi kunyezimira mafuta. Chiwaya chikadafuka utsi amachiyendetsa kwa alendo kuti aliyense anunkhize. Akasinja amathira mu jebena, kamtsuko kadothi ka mimba yozungulira ndi khosi lalitali. Zikawira amaphula, n'kudikira kuti masese adikhe pansi, kenako amatsanulira cham'mwamba m'timakapu topanda zogwirira. Pambali lubani akufuka, mbuliwuli zili m'mbale. Amamwa maulendo atatu, abol, tona ndi baraka, akumawonjezera madzi pa masese omwewo, choncho mphamvu imanka nichepa. Dzina la kapu yachitatuyo likutanthauza madalitso, ndipo mlendo waulemu satsazika asanaimwe.

Mu zonsezi mulibe chachilendo kukhitchini kwathu. Aliyense amene anakazingapo mtedza amadziwa kutakasa osapumira ndi kumvetsera ndi khutu. Khofi naye akamapsa amathetheka, ndipo mukangomva kuthethekako musachoke pamoto. Jebena ikasowa, kaketulo kakang'ono kamagwira ntchito. Koma musasinjire mu mtondo wa nsinjiro kapena wa tsabola, chifukwa khofi amakoka fungo msanga. Zovuta zake n'ziwiri: ola lathunthu limatha musanamwe bwino, ndipo njere zaziwisi sizipezeka paliponse kwa amene amakhala kutali ndi minda.

Ku Turkey amaphikira mu cezve, kampoto kamkuwa ka chogwirira chachitali. Amayeza madzi ozizira ndi kapu imene amwere, n'kuthira khofi ndi shuga pachiyambi pomwe. N'chifukwa chake mlendo amafunsidwa asanatereke: sade, wopanda shuga, orta, wapakatikati, kapena şekerli, wotsekemera. Moto umafunika wofatsa kuti thovu likwere pang'onopang'ono, ndipo amaphula lisanasefukire. Sasefa. Masese amapita m'kapu n'kukhala pansi, iwe n'kumwa zapamwamba. Mwambowu ndi wozama moti bungwe la UNESCO linauika m'kaundula wake wa miyambo ya dziko lonse mu 2013. Ngakhale pofunsira mbeta umagwira ntchito: mtsikana amaphikira akuchimuna khofi, koma m'kapu ya mnyamatayo amathiramo mchere kuti aone ngati ali wopirira.

Chinsinsi cha njirayi ndi ufa wosalala ngati ufa woyera. Wa m'mapaketi ambiri umafanana ndi mgaiwa. Ulendo woyamba ndinagwiritsa ntchito wotero, ndipo thovu silinabwere, m'kamwa munangoti tsekere ngati mpunga wosasankha miyala. Nditausinjanso n'kuusefa ndi sefa wa ufa, zinasintha. Pambaula dikirani makala azilale, atakutidwa ndi phulusa, ndiye muikepo. Ku Turkey ena amaphikira pamchenga wotentha pa chifukwa chomwechi.

Moka ndi ya ku Italy. Alfonso Bialetti anaitulutsa mu 1933, ya aluminiyamu, ya mbali 8. Ili ndi zigawo zitatu: pansi madzi, pakati kasefa kothiramo khofi, pamwamba potulukira. Madzi akatentha, nthunzi imawakankhira m'mwamba kudutsa mu ufawo. Ena amati ndi espresso, khofi wamphamvu wophikidwa ndi makina, koma ayi, makina a espresso amakankha madzi ndi mphamvu ya ma bar 9 (bar ndi muyezo wa mphamvu yokankhayo) pomwe moka imathera pa 1 kapena 2. Komabe khofi wake ndi wamphamvu, alibe masese, ndipo mphindi zosakwana 10 amakhala wapsa. Kwa wothamangira minibasi ya m'mamawa palibe yoiposa.

Koma moka ndi yosachedwa kukwiya. Madzi asapitirire kavalavu ka m'mbali, ufa musautsindire, ndipo ikangoyamba kulira kuti gwe-gwe-gwe ichotseni, apo ayi mumwa zowawa ngati kwinini. Pambaula yamoto wambiri chogwirira chake chimasungunuka, choncho ndimaikhazika m'mphepete, chogwiriracho chitaloza kunja. Kalabala ka pakati kamatha pakapita nthawi, ndipo kukapeza kena sikophweka. Pogula, funsiranitu kapadera.

Phin ya ku Vietnam, dziko lachiwiri kwa Brazil pa ulimi wa khofi, ndi kachitini koboolaboola kokhazika pamwamba pa tambula. Mumathira ufa, n'kuupanikiza ndi kachivindikiro ka m'kati, madzi otentha pamwamba, khofi n'kumadontha kwa mphindi 4 kapena 5. Anthu a ku Vietnam amalima kwambiri khofi wa mtundu wa robusta, wowawa, amene kafeini wake ndi pafupifupi kuwirikiza kawiri wa arabica. Pachifukwachi pansi pa tambula amayamba athira mkaka wokhuthala wa m'chitini, umene unazolowereka nthawi ya ulamuliro wa Afalansa pamene mkaka wa ng'ombe unali wosowa. Kukatentha amawonjezera ayisi. Phin ndi yotsika mtengo, siisweka, ndipo ufa wonga mgaiwa uja umaiyenera bwino. Dandaulo langa ndi limodzi: khofi wathu ndi arabica, wofatsa, wa kafungo kabwino, ndipo mkaka wotsekemerawo umamumiza yense. Ndikaphikira mu phin ndimamwa wopanda mkaka, kapena ndimangodonthezera pang'ono wa ng'ombe. Komanso imatulutsa kapu imodzi yokha, ndiye pa alendo asanu siithandiza.

Wondifunsa choti agule poyamba ndimamuuza moka ngati ali pabanja, phin ngati amamwa yekha. Wopanda ndalama yogulira chida asadandaule, kasefuliya kakang'ono ndi sefa n'zokwanira kuphikira mwa njira ya ku Turkey. Koma achibale akabwera Lamlungu masana, ine ndimayala mphasa pakhonde, n'kukoleza mbaula, n'kutulutsa chiwaya. Malume anga, amene moyo wawo wonse amati khofi ndi wa azungu, atanunkhiza utsi wa njere zija anakoka mpando n'kukhala mpaka kapu yachitatu.