Kukaona alenje a mauta ku Museu de la Valltorta

Nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Museu de la Valltorta ili ku Tírig, m'chigawo cha Castellón ku Spain, ndipo ubwino wake waukulu ndi wakuti alendo amaperekezedwa mpaka kumapanga enieni kumene kuli zojambula zamakedzana za pamatanthwe zomwe zinapezeka mu 1917 ndi kulowa m'kaundula wa UNESCO wa malo a mbiri yofunika padziko lonse mu 1998.

Chimene chinandigwira mtima chinali kuphanga lotchedwa Cova dels Cavalls, kumene kuli chojambula cha gulu la nswala likuthamangira kwa alenje amene akoka kale mauta awo. Anthuwo anajambulidwa ang'onoang'ono ndi utoto wofiira, miyendo itatambasuka, moti munthu amachita kuona liwiro pathanthwe. Utotowo unazilala ndipo mbali zina zinawonongeka kalekale, choncho ndikanakhala ndekha ndikanangoona madontho. Wotiperekeza anatilozera mivi ndi zingwe za mauta modekha, ndipo sanabise kuti akatswiri amatsutsanabe pa zaka za zojambulazi.

Njira yake ndi yamiyala komanso yotsetsereka, kotero mudzavale nsapato zolimba ndi kunyamula madzi. Ndi bwino kuyamba mwaona za m'nyumbamo musanatsikire kuchigwa kumene kuli mapangawo.