Kutseka lipoti la ngongole ku America: ineyo ndapereka 4 pa 5

Amene munakhalako ku America ndipo muli ndi Social Security number (nambala imene boma la kumeneko limakudziwira), izi musazitaye. Ine ndinabwerera kuno ku Mangochi koma nambalayo ikadali yamoyo, wakuba akaipeza atha kutengera ngongole m'dzina langa ine ndili phee kudya chambo ku Malindi. Ndiye ndinapanga credit freeze pa intaneti, kutanthauza kutseka lipoti langa la ngongole.

Mmene zimayendera ndi zoti banki ikafuna kuona mbiri yako ya ngongole isanabwereketse ndalama imapeza kotseka, ndiye wakuba uja amabwezedwa chimanjamanja. Ndi zaulere kuyambira 2018, paja mu 2017 akuba anathyola makompyuta a Equifax, kampani yosunga mbiri ya ngongole za anthu, n'kutenga zinsinsi za anthu pafupifupi 147 miliyoni. Ukafuna ngongole wekha umatsegula, lamulo limati pasathe ola limodzi ukapempha pa intaneti kapena pa foni, komanso sikoo yako (malikisi osonyeza mmene umabwezera ngongole) siitsika ayi.

Chotopetsa nchakuti umatseka katatu, ku makampani atatu osunga mbiriyi, Equifax payokha, Experian payokha, TransUnion payokha, mapasiwedinso atatu, ndi bandulo yathuyi aaa mutu umawawa ndithu. Komanso khadi ya ngongole yomwe uli nayo kale siitetezedwa, akaiba nambala yake adya basi, sitetimenti uziyang'anabe mwezi ndi mwezi.